Malume Sapereka Chinthu Kutsogolo

Malume anga sapereka chinthu kutsogolo. Mchere, foni, kiyi, mwana wakhanda, zonse n'chimodzimodzi. Mukawapempha, amati mudutse kaye kumbuyo kwawo. Mukadutsa, amakuponyerani cha m'mbali, ndi manja awiri, osakuyang'anani. Chinthucho chimakufikani pachifuwa penipeni. Sanaphonyepo.

Dzina lawo ndi Douglas Kaphwiti, koma Amalawi a kuno ku Toronto amangoti a Kaputeni. Ambiri amaganiza kuti anali msilikali. Ena amati ankayendetsa sitima. Ayi. Anali kaputeni wa timu ya ragibi ya dziko lathu. Mpira uja wooneka ngati papaya. Amuna khumi ndi asanu uku, khumi ndi asanu uko, kugwetsana m'matope mpaka wina ataguluka dzino. Lamulo lake lalikulu ndi limodzi. Umathamangira kutsogolo, koma mpira umapatsira mnzako amene ali kumbuyo kwako.

Mbiri yawo ndimaidziwa pamtima. Anabadwira ku Limbe, ali wamkulu kale. Ali Fomu Wanu, mphunzitsi wina anawaona atanyamula desiki ndi dzanja limodzi, mnzawo atakhala pomwepo. Tsiku lomwelo anawapatsa mpira. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi analowa timu ya dziko. Patapita zaka zisanu anawapatsa ukaputeni. Anatsogolera masewero khumi ndi amodzi, napambana anayi. Makutu awo anakwinyika ngati bowa wouma. Mphuno inakhotera kumanzere ndipo sinabwerenso.

Kenako masewero omaliza. Mphindi yomaliza. Anyamata a dziko lina akutsogola ndi mapointi awiri. Malume anagwira mpira pakati pa bwalo n'kuliyatsa liwiro. Amuna atatu anawalendewera pamsana. Iwo osaima. Mzere wa chigoli utayandikira, miyendo inayamba kukana. Anaona mnzawo kumanja, naponya. Mnzawoyo anawakha n'kudziponya kuseri kwa mzere. Oonerera onse, anthu mazana atatu ndi galu mmodzi, anakhamukira m'bwalo akuvina. Ndiye kherere. Woyimbira anati mpira wapita kutsogolo. Ndi chikhato chimodzi chokha. Chigoli palibe, masewero atha.

Malume sanatsutse. Anavula nsapato n'kupatsa amene anaima kumbuyo kwawo. Papita zaka makumi atatu ndi zinayi.

Ku Canada anapeza ntchito yowayenera. Amatsitsa katundu m'malole, ku weyahausi ina yosungira katundu ku Mississauga, pafupi ndi bwalo la ndege. Amaima pakhomo la lole, mabokosi n'kumauluka kupita kumbuyo. Anayesapo kuwaika kopakiza. Lole inakhala yopanda kanthu mpaka masana. Kutchalitchi amakhala benchi yoyamba, kuti mbale ya mgonero azipereka kumbuyo. Akazi awo, Anti Eunice, akhala akuima kumbuyo kwawo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Amayi a kutchalitchi amawatchula ngati chitsanzo cha mkazi waulemu. Anti amangofuna mchere.

Tsono ine. Ndine Victor, mwana wa mlongo wawo. Ndinakulira ku Ndirande. Ndakhalapo ku Joni, ku Dar, ku Dublin, ku Winnipeg. Paliponse chaka, chaka ndi theka. Chikwama changa sichinalowepo kunsi kwa bedi. Chimakhala pakhomo. Zinthu zikayamba kuvuta, ine ndimayamba kufunsa nthawi ya basi.

Ndiye ndinakumana ndi Zelipa. Amagwira ntchito mu famase ku Hamilton. Ndinalowa kukagula mankhwala a chimfine, ndinatuluka nditaiwala mankhwalawo. Patha zaka ziwiri ndidakali m'dera lomweli. Anzanga a ku Dublin amaganiza kuti ndili m'ndende.

Koma chinkhoswe ndinachisuntha kawiri. Koyamba ndinapita ku Calgary kukaona ntchito imene sindinkaifuna. Kachiwiri sindikumbukanso chifukwa chake.

"Kachitatu kulibe," anatero Zelipa. "Ndanena mu Chichewa kuti umve bwino."

Nkhoswe wa mbali yake anali azakhali ake, a Lilian, namwino wa pachipatala china ku Hamilton. Zaka makumi awiri ndi ziwiri akunyamula odwala. Ine sanandikondepo. Ankanditchula kuti a Pasipoti.

"A Pasipoti, tamverani," anatero tsiku limene tinagwirizana deti. "Ife a mbali ya Zelipa tibweretsa thadzi. Inu tambala. Wamoyo, osati wa mufiriji. Nkhoswe wanu akhale malume enieni, osati obwereka kutchalitchi. Andipatse tambalayo pamanja, maso ndi maso, anthu akuona. Zikapanda kutero, mwana wathu sapita kulikonse."

Ndinavomera. Malume enieni ndinali nawo amodzi okha m'dziko lonse la Canada.

Lachisanu tinakagula tambala pa famu ina kupitirira Hamilton. Mwini famu, mzungu wokalamba, anafunsa ngati tikufuna atiphere. Tinati ayi, akupita ku ukwati. Anagwedeza mutu ngati wamva. Ine nkhuku yamoyo ndinali ndisanaigwirepo. Nkhuku ndinaidziwira pa chiwaya. Malume anamunyamula tambalayo n'kumupanikiza m'khwapa, dzanja pansi pa chidali. Tambala anangoti zii. Anapeza kwawo.

Pobwerera ndinkadiraiva ine.

"Malume, mawa."

"Mawa chiyani?"

"Mudzawapatsa azakhali aja tambalayu."

"Adzaima pati?"

"Kutsogolo kwanu."

Anayang'ana pawindo. Malole ankatidutsa.

"Nanga mutangotembenuka?" ndinatero. "Muwalozetse msana. Basi, akhala kumbuyo kwanu."

"Mphwanga, sukulu unkapita kukatani? Kutsogolo si kumene kwaloza mphuno. Kutsogolo ndi kumene kuli timu inayo. Ungazungulire ngati nguli, bwalo silisuntha."

"Si timu ina, malume. Ndi apongozi."

"Adzakhala mbali yawo?"

"Eya."

"Ife mbali yathu?"

"Eya."

"Yunifolomu?"

Inalipo. Iwo anasankha chitenje cha buluu. Ife chachikasu.

"Ndi timu," anatero malume. Anamusisita tambala pakhosi. "Tamvera. Mpira umachoka m'manja mwanga m'njira zitatu. Kupatsira wanga wa kumbuyo. Kuumenya ndi phazi. Kapena wa timu inayo andigwetse, bondo lifike pansi. Pamenepo lamulo likuti usiye, ndipo ndimasiya."

"Anakugwetsanipo?"

"Komaliza ndi chaka chimene unabadwa iwe."

"Ndiye mawa titani?"

"Tidzaonera m'bwalo momwemo."

Ndinayenera kumuimbira Zelipa. Sindinaimbe. Titafika ndinatsegula foni n'kuona mabasi opita ku Montreal. Inalipo ya Loweruka, hafu pasiti folo masana. Tikiti sindinagule. Ndinangoona.

Holo inali ya pansi pa tchalitchi china ku Etobicoke. Tinabuka kuyambira thuu koloko mpaka folo. Ikakwana folo mumalowa nkhalamba za m'deralo kudzaphunzira kuvina. Kunja kunali mphepo ya Novembala, majekete anadzaza pakhoma lakumbuyo. A buluu anakhala kumanja, achikasu kumanzere, pakati panatsala mpata wautali ngati kanjira. Malume anauyeza mpatawo ndi maso. Sindinakonde mayezedwe ake.

Woyendetsa mwambo anali Given, mnzanga wa ku Chipata. Zoyamba zinayenda bwino. Anabweretsa atsikana atatu atawaphimba zitenje kuti ndisankhepo wanga. Zelipa ndinamudziwira kuima kwake. Amaima ngati akudikira kuti ufotokoze. Nthungululu zinalira. Kenako azakhali a Lilian anabwera ndi thadzi, ndipo malume anamulandira bwinobwino. Kulandira sikuwavuta. Anamuponyera kumbuyo, kwa Anti Eunice, Anti n'kumuika m'katoni. Palibe anaona chachilendo.

"Manje, ba nkhoswe ba kuchimuna!" anakuwa Given. "Tambala abwere!"

Malume anadzuka, tambala m'khwapa. Anayenda mpaka pakati. Azakhali anaima patsogolo pawo atatambasula manja. Panatsala phazi limodzi. Ndinaona thukuta likutsika kuseri kwa khutu lokwinyika lija. Anamugwira tambala ndi manja awiri. Manjawo anayamba kupita kutsogolo, pang'onopang'ono. Anayenda ngati utali wa chala.

Ndiye fyuu! Kumanzere, chakumbuyo.

Anti Eunice anali pamalo awo a masiku onse. Anawakha mosaganiza. Katoni inali itadzaza, ndiye anapatsira mayi wa kumbuyo kwawo. Mayiyo anaganiza kuti ndi mwambo wa ku Limbe, napatsira wa kumbuyo. Tambala anayenda mzere wonse wachikasu, dzanja ndi dzanja, mpaka anakafika ku majekete. Womaliza anali dokotala wa mano wa ku Brampton. Anaima naye pakhomo, akuyang'ana uku ndi uku.

Manja a azakhali anali chitambasulire.

"Ndayenda m'zinkhoswe," anatero azakhali, motsitsa mawu. "Tambala wothawa ndinamuonapo. Tambala wofera m'njira ndinamuonapo. Koma tambala wobwezedwa ndi eni ake, ine nditatambasula manja, ndi lero." Anatembenukira kwa anthu awo. "Amuona mwana wathu, asintha maganizo. Nyamulani zikwama."

"Amama, pepani, ni technical problem chabe," anatero Given.

"Inu a ku Chipata, khalani pansi."

Given anakhala pansi. Zelipa anabwera pamene ndinaima.

"Victor. Unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Osandiuza?"

Ndinayang'ana nsapato zanga. Zinali zatsopano.

"Yatsala twente minitsi," anatero. "Folo ikakwana ndituluka pakhomo ilo, and don't follow me. Komanso iwe sutsata munthu. Umangopita."

Tambala anabwerera, kudzera m'manja mwa anthu wamba amene amapereka zinthu kutsogolo osaona vuto. Malume anamulandira. Nkhope yawo inali ya munthu amene wamvanso kherere.

"Mayi," anatero kwa azakhali, "sitinakane mwana wanu. Pali njira yachiwiri. Nditha kumumenya ndi phazi, pang'ono chabe, m'mwamba. Inu mungowakha."

Anabwerera m'mbuyo mapazi atatu n'kuyamba kumuyezera tambala pa nsapato. Amayi a mbali zonse ziwiri anakuwa.

"Mukangoyerekeza," anatero azakhali, "ndiimbira a zoona za ziweto, akumangeni ndi suti yomweyo."

Anti Eunice anayesa nawo. "Anzanga, ingodutsani kumbuyo kwawo. Ine ndatero zaka zonsezi. Sizipweteka."

"Ine? Ndizembere kumsana kwa mwamuna wa eni ngati wakuba? Mwana wa mchimwene wanga alowe m'banja chakumbuyo?"

"Komanso avala buluu," anatero malume. "Wa buluu sindingamupatsire."

"Inu a Dagi, tatsekani pakamwa," anatero Anti.

Wotchi ya pakhoma inati kwatsala mphindi khumi ndi ziwiri. Pa masitepe panali patayamba kuoneka nkhalamba za gule zija, nsapato zovinira zili m'manja. A buluu ankavala majekete. Kumanzere kwanga kunali chitseko chotulukira pa ngozi. Ndinali nditachiona kale polowa. Zitseko zoterozo ndimaziona msanga. Kuchokera pamenepo kukafika pa siteji ya basi, mphindi zisanu.

Miyendo inayamba yokha. Ndinaganiza kuti ikupita kuchitseko. Inadutsa kanjira kaja n'kukaima mbali ya buluu.

Pampando wa Zelipa panali chitenje cha buluu chimene anamuphimba nacho. Ndinachitenga n'kuchimanga m'chiuno, pamwamba pa suti.

"Malume!"

Anandiyang'ana. Anayang'ana chitenje.

"Wasintha timu?"

"Ndasintha."

"Ngongole ya sizoni imodzi, kapena wagulidwa?"

"Ndapita, malume. Sindibwerera."

"Zoona, mayi?" malume anawafunsa azakhali. "Ndi wanu ameneyu?"

Azakhali anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. "Tiona," anatero.

Malume anavula jekete n'kuliponyera kumbuyo. Anti anawakha. Malume anamubweza tambala m'khwapa, nayenda mpaka kumapeto kwa holo. Maso awo anasintha. Anali a mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zinayi.

"Sindikuchitira chifundo, mphwanga."

"Ndikudziwa."

"Mutu kumbali. Phewa pantchafu. Ukagwira, usasiye."

"Chikuchitika n'chiyani?" anafunsa Zelipa.

"Amama, sunthani mipando!" anakuwa Given, atadzukanso. Anaika zala ziwiri m'kamwa n'kuimba likhweru.

Malume ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza chimodzi. Mawondo awo amalira pokwera masitepe. Koma amalemera ngati firiji yodzaza, ndipo firijiyo inali ikubwera. Pansi pankanjenjemera. Makapu pa tebulo ankagundana. Tambala anatulutsa khosi kutsogolo, lipombo lili pepepe, ngati wakhala akudikira zimenezi moyo wake wonse.

Kuzinda ndimakudziwa. Ndazindapo eni nyumba, mabwana, atsikana awiri abwinobwino. Thupi lonse linkati sendera kumanzere, phazi limodzi lokha, adutse. Kumbuyo kwanga kunali Zelipa.

Ndinaima.

Za mutu kumbali ndinaiwala. Ndinamva phokoso ngati chitseko cha lole, ndipo china chake chinathyoka pafupi ndi khosi langa. Nditatsegula maso ndinali pansi chafufumimba, nditakumbatira mwendo umodzi. Mwendowo unkayendabe. Malume ankandikoka pa simenti ngati thumba la makala, sitepe ndi sitepe, kulowera kukhoma la a buluu.

"Siya, Victor, ufa!" anakuwa wina wa chikasu.

"Usasiye!" anakuwa Zelipa.

Sindinasiye. Chibwano chinkagunda pansi. Batani la malaya linandilowa m'kamwa. Koma bondo la malume silinkafika pansi, ndipo khoma linatsala mapazi asanu.

Ndili pansi pomwepo ndinaona nsapato ziwiri za buluu zikuvulidwa, n'kuikidwa pambali mwadongosolo. Azakhali a Lilian anakunga chitenje. Sanathamange. Anangowerama monga amachitira potembenuza wodwala wonenepa, phewa n'kulowa pantchafu inayo, manja n'kuzungulira.

"Wanu, thuu," anawerenga okha.

Malume anagwa ngati mtengo wa bulugama. Pang'onopang'ono, kenako msangamsanga. Pogwa anatembenuka kuti tambala akhale pamwamba. Holo yonse inagwedezeka. Nkhalamba ina pa masitepe inaomba m'manja.

Atagona chagada, malume anatambasula manja n'kumuika tambala pansi. Anachotsa zala chimodzichimodzi. Tambala anaima, nadzikung'untha, nayang'ana anthu. Azakhali anadzuka, anakonza duku, anawerama n'kumunyamula.

Onse anayang'ana malume.

"Mayiwo ali chilili?" anafunsa, akuyang'ana kudenga.

"Ali chilili," anatero Given.

"Anachokera mbali yawo?"

"Mbali yawo, ba Kaputeni."

"Ndiye mpira ndi wawo."

Azakhali anaganiza kaye. Anayang'ana tambala, anayang'ana wotchi. Kunatsala mphindi zitatu.

"Ndinati pamanja," anatero. "Uyu ndamutola pansi."

Palibe anapuma.

"Koma maso ndi maso tinaonana. Kwambiri." Anandiyang'ana ine, ndili chigwirire mwendo uja. "A Pasipoti, mutha kusiya tsopano."

"Sindingathe, azakhali. Dzanja lakana."

Anagwada, tambala ali m'khwapa, n'kundigwira paphewa ndi zala ziwiri. Ndinakuwa.

"Fupa la paphewa lathyoka," anatero. Kenako anakweza mawu. "Wina abweretse galimoto pakhomo. Mkamwini wathu wavulala."

Nthungululu zinalira mbali zonse. Malume anali chigonere, misozi ikutsikira m'makutu. Anti Eunice anawaweramira.

"Mwapweteka, a Dagi?"

"Eunice, wawaona mmene analowera mayi amenewa? Phewa pansi, msana woongoka. Tikanakhala nawo chaka chija!"

"Tadzukani, anthu akufuna kuvina."

Kuchipatala tinakhala maola atatu, ine ndi Zelipa, chitenje cha buluu chidakali m'chiuno mwanga. Tambala anatsala m'galimoto ya azakhali, hita ili yoyatsa. Dokotala anaona chithunzi cha fupa n'kufunsa kuti ndinagundidwa ndi chiyani. Ndinati ndi malume. Analemba. Anandikoleka dzanja pansalu, nati ndisanyamule chikwama kapena kuyenda ulendo kwa masabata asanu ndi imodzi.

Zelipa anamufunsa ngati sangaonjezereko.